Nyimbo za Kumsana

Mlendo akafuna kumva mbiri ya Nkhotakota, akulu amamtengera patsinde pa mkuyu umene anthu amati David Livingstone adakhalapo pokambirana ndi Jumbe, kapena amamuonetsa gombe limene zombo za Aluya zinkakochezapo. Ena amakumbutsa za msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress umene udachitika komweko m'chaka cha 1960. Zimenezi zidalembedwa m'mabuku, ndipo ana a sukulu amaziloweza. Koma mafumu, asodzi, akapolo ndi aphunzitsi onse amene timawawerenga m'mbiri imeneyi, aliyense wa iwo adayamba wakhala khanda lolira usiku, ndipo padali munthu wina amene adadzuka, namnyamula, namuimbira kufikira atagona. M'nkhani ino tifuna kulondola mapazi a munthu ameneyo ndi nyimbo yake.

Nyimbo yogonetsa mwana ilibe ng'oma, ilibe bwalo, ndiponso palibe amene amadziwika kuti ndiye adaipeka. Nyumba yake ndi msana wa munthu wobereka mwana. Taonani kuti m'chinenero chathu mawu akuti kubereka ali ndi matanthauzo awiri, kubala mwana ndi kumnyamula kumsana, monga ngati makolo athu adaona kuti ntchito ziwirizi nzolingana kulemera kwake. Tsono wofuna kudziwa m'mene nyimbo zimenezi zayendera kuchokera kwa makolo kufikira kwa ife, ayenera kufunsa funso limodzi pa nyengo iliyonse: kodi mwana ankakhala pamsana pa yani?

Mwa mwambo wa Achewa, mwana akabadwa amakhala ndi amake m'chikuta masiku angapo kufikira mchombo utagwa. Akatuluka m'menemo, malo ake ndi m'mbereko. Kale mbereko inali chikopa chofewa cha mbuzi kapena nyanda ya khungwa la mtengo. Nsalu idadza pambuyo ndi amalonda. Ndipo popeza ntchito ya mayi wa kunyanja siitha, mwana amapita kulikonse kumene mayi apita: koviika chinangwa cha kondowole, koyanika usipa, kotunga madzi, kopuntha mpunga. Musi ukagwa mumtondo, thupi la mayi limawerama ndi kuweramuka, mwana nayenso nagwedezeka nalo limodzi. Nchifukwa chake nyimbo za pamtondo ndi nyimbo zogonetsa ana zili pachibale. Kuyenda kwake nkumodzi, ndipo kawirikawiri mayi amachoka pa ina kulowa pa inzake osazindikira.

Zimene amayi adazidziwa ndi misana yawo, anthu ophunzira adadzaziyesa ndi makina. M'chaka cha 2013 akatswiri a ku Japan adaonetsa kuti khanda lolira likanyamulidwa ndi mayi amene akuyenda, limaleka kuphiriphitha ndipo mtima wake umayamba kugunda pang'onopang'ono, kuposa pamene mayiyo wangokhala nalo pansi. M'chaka cha 2020 ena a ku sukulu yaikulu ya Harvard ku America adamvetsa makanda 144 nyimbo zochokera m'maiko achilendo, m'zinenero zimene makolo awo sankazidziwa. Makandawo adafatsa pomva nyimbo zogonetsa ana koposa pomva nyimbo za mtundu wina. Phunziro lake nlakuti khanda silimva mawu. Limamva liwu, ndi kukwera ndi kutsika kwake, ndi kubwereza kwake.

Apa pakubuka funso lokoma. Ngati khanda silimva mawu, nanga mawu a m'nyimbozo ngayani?

Mvetserani bwino zimene zimanenedwa m'nyimbo zotonthozera ana m'midzi yathu, mudzapeza kuti zambiri zimauza mwana kuti amake achoka, apita kumunda kapena kumadzi kapena kunkhuni, ndipo abwera posachedwa. Mayi sangaimbe chotero ali pomwepo. Woimba wake ndi mlezi, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu kamene kasiyiridwa mng'ono wake. Kamtsikanako kalibe bere loti nkumpatsa, miyendo yakatopa, anzake akusewera patali, ndipo kakuopa kuti mwana akapitiriza kulira adzakakalipira kuti kamtsina. Tsono pouza khanda kuti amayi abwera, kakudzilimbitsa mtima keni. Nyimbo yotere ili ndi ana awiri ofuna kutonthozedwa, wina ali kumsana, wina ndiye wabereka.

Nyimbo za mayi mwini zili ndi nkhani zina. Mkazi wa masiku amakedzana sankatha kuyankha apongozi ake maso ndi maso, kapena kudzudzula mwamuna wake pa anthu. Koma akamagwedeza mwana pakhonde, palibe amene akadamletsa kuimba za mwamuna waulesi, za mkazi mnzake wa mitala, kapena za kutopa kwake. Mawu amapita kwa khanda, koma makutu amene akufunidwa ali kuseri kwa mpanda. Wonenedwayo sangadandaule, pakuti akatero ndiye kuti wavomera mlandu. Kuti nyimbo za amayi zimasunga mbiri, udatsimikiza ndi Megan Vaughan, amene m'buku lake la 1987 adafotokoza za njala ya 1949 m'dera la Blantyre pomvetsera nyimbo zimene amayi ankaimba pamtondo. Amuna ndi akazi adaikumbuka njalayo mosiyana, ndipo zimene akazi adaona, makamaka za amuna amene adachoka kukafuna chakudya osabweranso, zidatsala m'nyimbo.

Palinso nyimbo zoopseza, zotchula fisi kapena chilombo chimene chidzadza mwana akapanda kukhala chete. Anthu ena a masiku ano amaipidwa nazo, nati nkulakwa kuopseza khanda. Ife tiona kuti mlandu wake ngwochepa. Khanda silimdziwa fisi. Amene akumdziwa ndi woimbayo, ndipo m'mudzi wa nyumba za udzu, woyandikana ndi thengo kwina, madzi a ng'ona ndi mvuu kwina, mantha amenewo sadali opeka. Ndiponso si ife tokha. Ku dziko la Babylon, kumene lero kuli Iraq, kudapezeka phale ladongo la zaka pafupifupi 4,000 lolembedwapo mawu otonthozera khanda, ndipo mawuwo akudzudzula khandalo kuti kulira kwake kwadzutsa mulungu wa m'nyumba.

Tsopano tione m'mene nyimbo imawolokera kuchoka ku mbadwo wina kunka ku unzake. Ambiri amati munthu amaphunzira nyimbozi kwa amake pamene ankamuimbira. Komatu palibe munthu amene amakumbukira zimene adamva ali wa miyezi isanu. Nyimbo imene adakuimbirani inu simudaisunge. Imene mudasunga ndi imene mudamva ikuimbidwira mng'ono wanu, inu mutakhala pambali, mwina mukuchita nsanje kuti malo anu atengedwa. Pambuyo pake adakumangirirani mng'ono wanuyo kumsana, inu nimuyesa kuimba monga mudamvera. Atsikana ankayeserezanso kumasanje, atabereka chitsononkho cha chimanga. Chotero pofika tsiku lobala mwana wakewake, mtsikana amakhala ataimba kale nyimbozi zaka khumi.

Mwambo wa chikamwini udathandiza kwambiri kusunga nyimbo pamalo amodzi. Pakati pa Achewa mwamuna ndiye ankachoka kwawo kukakhala kwa mkazi, ndipo mkazi ankatsala pafupi ndi amake, agogo ake ndi abale ake aakazi, onse a mbumba imodzi. Nyimbo ya agogo inkamveka pabwalo lomwelo pamene adzukulu ndi zidzukulu zidzakulire. Mwana akaleka kuyamwa, kawirikawiri ankasamukira kokagona kwa agogo ake, ndipo kumeneko nyimbo zinkasintha mtundu. Inali nthawi ya nthano, zimene akulu ankaletsa kukamba masana. Nthano zambiri zili ndi nyimbo pakati pake. Agogo amatsogolera, ana navomera. Ovomera amachepa mmodzimmodzi pamene tulo tikuwagwira, ndipo agogo akaona kuti palibenso woyankha amadziwa kuti ntchito yatha, ngakhale kalulu asanafike kumene amapita.

Umu ndi m'mene zinthu zimayendera pa mtendere. Koma Nkhotakota sidakhale pa mtendere nthawi zonse.

Cha m'ma 1840 kudafika munthu wa ku gombe la nyanja yamchere, dzina lake Salim bin Abdallah, nakhazikika m'dziko la Achewa a Malengachanzi. Iyeyu ndiye Jumbe woyamba, ndipo adatsatidwa ndi ena atatu. Malonda awo adali minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ankasonkhanitsidwa pa Nkhotakota, nawolotsedwa m'zombo kunka kutsidya la kum'mawa, nayendetsedwa pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa. Livingstone, amene adafika pamalopo mu 1861 ndiponso mu 1863, adalemba zimene adauzidwa ndi kazembe wa Britain ku Zanzibar, kuti akapolo 19,000 ochokera ku dziko la Nyasa lokha ankadutsa pa nyumba ya msonkho ya ku Zanzibar chaka chilichonse. Tikamawerenga chiwerengero chotere timaganiza za magoli ndi maunyolo. Tiganizenso za mabwalo a m'midzi amene tanena aja. Mudzi ukagwidwa, agogo okalamba sadali a malonda, ndipo khanda lidali cholemetsa paulendo. Ofunidwa adali amayi achitsikana, anyamata ndi ana otha kuyenda okha. Ukapolo udadula chingwe cha nyimbo pamfundo pake penipeni, polekanitsa agogo, mayi ndi mlezi. Ndipo kwa iwo amene adathawa nabisala m'bango kapena m'phanga, kutontholetsa khanda sikudali kufuna tulo ayi: kulira kwa mwana mmodzi kukadatha kuulula onse.

Si onse ogwidwa amene adawoloka nyanja. Ambiri, makamaka akazi, adatsala m'mudzi wa Jumbe monga adzakazi, akazi a m'nyumba ndi olima mpunga, mbewu imene idakula kwambiri m'madambo a Nkhotakota m'masiku amenewo. Enanso adadza okha kudzafuna chitetezo pothawa nkhondo za Angoni. Motero mudziwo udakula kwambiri, nukhala wa mitundu yosakanizika: Achewa, Ayao, Aswahili ndi ena ochokera kutali. Tsono bwererani ku funso lathu lija. M'nyumba ya munthu wolemera, ntchito yobereka mwana inkagwera mdzakazi. Ndipo mkazi aliyense, ngakhale ataphunzira chinenero cha mbuye wake cha masana, khanda likamvuta pakati pa usiku amabwerera ku chinenero chimene adayamwira. Ndiye kuti mwana wa mwini akapolo ankagona pomva nyimbo ya mudzi umene udapasulidwa kuti atate ake alemere. Mdzakazi adalandidwa dzina, abale ndi dziko, koma nyimbo adalowa nayo m'nyumba ya womlanda, ndipo palibe mlonda amene adaiona pachipata.

Ajumbe adabweretsanso Chisilamu, chimene chili ndi anthu ambiri ku Nkhotakota mpaka lero. Mwa mwambo wa Asilamu, mwana akangobadwa, atate ake kapena mkulu wina amamnong'oneza m'khutu mawu a adhana, oitanira anthu ku mapemphero. Apa liwu la mwamuna lidapeza malo ake pa chiyambi penipeni pa moyo wa khanda. Ulamuliro wa Ajumbe udayamba kutha pamene Harry Johnston adapangana ndi Jumbe wachitatu mu 1889. Jumbe ameneyu adamwalira mu 1894, ndipo wolowa m'malo mwake adachotsedwa posakhalitsa natumizidwa ku Zanzibar. M'chaka chomwecho cha 1894 a mishoni ya Anglican ya UMCA, amene adali kale pa chilumba cha Likoma, adatsegula malo awo pa Nkhotakota. Wansembe woyamba, Arthur Fraser Sim, adamwalira komweko chaka chotsatira. Amishoni sadaphunzitse nyimbo zogonetsa ana, koma adaphunzitsa nyimbo za m'tchalitchi, zoyenda pang'onopang'ono, zobwerezabwereza. Amayi adaona okha kuti zikuyenera ntchito yawo ya usiku, ndipo kufikira lero m'nyumba zambiri za Akhristu mwana amagonera nyimbo ya mapemphero a madzulo.

Nanga atate ali kuti m'nkhani imeneyi? Kunyanja, usiku ndi nthawi ya ntchito. Pamene ana akugona, amuna ambiri ali pamadzi ndi nyali zawo kuitana usipa, ndipo nyengo ya mwera, mphepo ija ya kum'mwera imene imawinduka m'miyezi yozizira, mayi amagwedeza mwana khutu lili kugombe. Atate wa kunyanja amanyamula mwana wake masana, pamthunzi pamene akusoka ukonde, ndipo chimene amamuimbira ndi chimene ali nacho, nyimbo yopalasira bwato kapena yokokera khoka, atangoitsitsa liwu. Koma m'masiku a Atsamunda atate ambiri adasowa usiku ndi usana womwe. Msonkho wa Boma unkafuna ndalama, ndipo ndalama zidali ku mafamu ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi South Africa. Mabungwe a Wenela ndi Mthandizi ankalemba amuna ntchito nawatenga kwa chaka kapena ziwiri. Ena ankabwera ndi njinga ndi masutukesi. Ena adatchona osamvekanso. Kulemba kwa Wenela kudaimitsidwa ndi Dr. Banda mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi. Mibadwo itatu ya ana idakula ikumva za atate awo m'nyimbo za amayi isanawaone nkhope, ndipo pamene mlezi ankalonjeza kuti amayi abwera madzulo, mayi adalibe tsiku loti nkulonjeza.

Pali chinthu china chimene sitingachilumphe, ngakhale nchowawa. Anthu ambiri amadabwa kuti nyimbo zogonetsa ana zimamveka zachisoni. M'mbali mwa nyanja, m'dziko la madambo ndi udzudzu, malungo ankatenga ana ambiri, kuwonjezera pa chikuku ndi kutsegula m'mimba. Kafukufuku wa Boma wa mu 1992 adapeza kuti m'dziko lonse la Malawi, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Ndiye kuti pafupifupi mmodzi mwa ana anayi. Kafukufuku wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti chiwerengerocho chidatsika kufika pa 63. Agogo athu, tsono, ankaimbira ana amene sadali otsimikiza kuti adzakula. Mayi woimba usiku dzanja lili pa thupi la mwana akuchita ntchito ziwiri: akumgonetsa, ndiponso akumva ngati thupi latentha, ngati mpweya ukuyenda bwino. Nthawi zambiri nyimbo yotere inali ulonda.

Za kulembedwa kwa nyimbozi tinena mwachidule. R. S. Rattray adasindikiza buku la nthano ndi nyimbo za Chinyanja mu 1907. Hugh Tracey adayenda m'Nyasaland ndi makina ojambulira mawu mu 1950 ndiponso mu 1958, ndipo zimene adajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene adaiyambitsa mu 1954, imene tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. Ntchito yawo njoyamikika. Koma nyimbo yogonetsa mwana njovuta kuigwira. Mlendo akafika m'mudzi ndi makina, mfumu imaitana a ng'oma ndi ovina, pakuti ndizo zimene mudzi umanyadira. Mayi akapemphedwa kuimba ya mwana pamaso pa anthu amaseka ndi manyazi, ndipo akaimba amakweza liwu, nasiya kung'ung'udza kuja kumene kumabwera mawu akatha, pamene khanda latsala pang'ono kugona. Chimene chimalowa m'makina chimafanana ndi nsomba yoyanika: ndi yomweyo, koma siikusambira.

Wailesi idalowa m'midzi kuyambira mu 1949, pamene kudabwera kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kamene anthu ankamvera nako mapologalamu a Chinyanja ochokera ku Lusaka. Mu 1964 dziko lidakhala ndi nyumba yakeyake ya mphepo, ya MBC. Kuyambira apo madzulo a m'mudzi adakhala ndi liwu lina lopikisana ndi la agogo. Komabe wailesi sidabereke mwana, ndipo kusintha kwakukulu kudadza ndi zinthu zimene zidasuntha misana.

Choyamba chidali matenda a Edzi, amene adadziwika m'dziko muno mu 1985. Matendawa adatenga anthu a msinkhu wobala, nasiya okalamba ndi ana. Agogo ambiri amene adayesa kuti adatsiriza kulera adamanganso mbereko, ndipo ana ambiri a zaka zimenezo adalandira nyimbo kuchokera kwa agogo mwachindunji, mbadwo wapakati utadumphidwa. Zofanana ndi zimenezi zikuchitikanso m'mabanja amene atate ndi amayi omwe apita kukagwira ntchito ku Johannesburg kapena m'mizinda ya kwathu konkuno, ana atatsala kumudzi. Chachiwiri chidali sukulu yaulere ya pulayimale, imene idayamba mu 1994. M'chaka chimodzi ana a sukulu adachuluka kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ambiri mwa atsopanowo adali atsikana a msinkhu wa mlezi. Palibe munthu wanzeru amene angadandaule kuti kamtsikana kagwira pensulo m'malo mwa mbereko. Tingonena kuti sukulu yakale ya nyimbo, imene inkayamba m'mawa mayi akapita kumunda, idachepetsedwa maola ake.

Masiku ano ana ang'onoang'ono ambiri amapita ku sukulu za mkombaphala, kumene amaphunzira nyimbo za kuwerenga ndi za masiku a sabata, zina m'Chichewa, zina m'Chingerezi. M'nyumba zina khanda likalira amaliyatsira foni kuti liyang'ane zithunzi. Koma foni imafuna moto, ndipo m'midzi yambiri ya m'mbali mwa Chia, Bua ndi Dwangwa ntchito ya mayi ikadali yomweyo ya chinangwa, mpunga ndi usipa, yofuna manja onse awiri. Dzuwa likapendeka, mtsikana wobwera kusukulu amavula yunifolomu, nalandira mng'ono wake kumsana kuti amayi akatsirize kumunda kwa mpunga. Mwana akayamba kulira, iye amayendayenda pabwalo, dzanja lili kumbuyo likumsisita, nayamba ndi nyimbo imene waphunzira m'kalasi m'mawa. Ikakanika, amatsitsa liwu, nabwerera ku ija imene adamva agogo ake akuimba.